Kafupa Kapadera Kamene Kamavutitsa Mapazi a Oseŵera Mpira

Ntchito yokolola ikatha ndipo mabwalo a sukulu akauma, maseŵera amafika pachimake m'midzi. Anyamata amathamangitsa chikulunga mpaka dzuŵa kuloŵa, atsikana amalimbirana mpira wa manja, ndipo sukulu zimakonzekera mipikisano ya liŵiro. M'nyengo yomweyi zipatala zazing'ono zimalandira achinyamata obwera akutsimphina. Ambiri a iwo amakhala atangobinya phazi, ndipo pakapita masabata aŵiri kapena atatu amabwerera kubwalo. Koma pamapezeka wina amene vuto lake silitha. Akapuma, phazi limakhala bwino; akangoseŵeranso, ululu umabwerera pamalo omwe aja. Amayi ake pomusisita amapeza kachotupa kolimba gwa m'mbali mwa phazi, ndipo apa mpamene mantha amayambira. Ena amati mwanayo adaponda mankhwala panjira, ena amati adamtchera ndi a timu ya mudzi wina, enanso amati fupa lidathyoka nkulumikizana mokhota.

Nthaŵi zambiri chifukwa chenicheni sichikhala chimodzi mwa zimenezi. Pali anthu ena amene amakula ndi kafupa kapadera m'phazi, kamene anzawo ambiri alibe. Kafupa kameneka kamatha kukhala phee kwa zaka zambiri, mwiniwake osadziŵa nkomwe kuti kalipo, kufikira tsiku limene maseŵera olimba adzakadzutse. Banja lodziŵa za kafupaka silitaya nkhuku ndi ndalama pofunafuna wolodza, siliwononga phazi la mwana ndi lezala, ndipo limazindikira nthaŵi yoyenera kupita kuchipatala.

Mamangidwe a phazi

Phazi la munthu wamkulu lili ndi mafupa 26. Mwa ameneŵa, 14 ali m'zala, 5 ndi mafupa aatali a pakati pa phazi, ndipo 7 otsalawo ali cha kumbuyo, kukafika ku chitendene. Thupi lonse lili ndi mafupa 206, motero mapazi aŵiri okha ali ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mafupa onse a munthu.

Munthu akaponda pa simenti ndi phazi lonyowa, amasiya chidindo cha chitendene, cha zala ndi cha mbali ya kunja ya phazi. Mbali ya mkati, ya ku chala chachikulu, siioneka kwenikweni chifukwa siigunda pansi. Mbali imeneyi idakhota ngati uta, ndipo ndiyo imachepetsa mphamvu ya kugunda pansi pamene munthu akuthamanga kapena kudumpha. Pamwamba pa uta umenewu pali fupa limene madokotala amalitcha navicular, dzina la Chilatini lotanthauza kabwato, chifukwa lili ndi maonekedwe a bwato laling'ono. Aliyense angathe kulipeza fupa la kabwatoli pa phazi lake: lili m'mbali cha mkati, kutsogolo ndi kunsi pang'ono kwa kakolo, pa mtunda wa zala ziŵiri kapena zitatu.

Pa fupa limeneli pamagwira mtsempha wolimba ngati chingwe. Si mtsempha wa magazi ayi, koma ndi mtundu uja wa mitsempha yoyera imene imalumikiza mnofu ku fupa, yonga imene imaoneka pa mwendo wa mbuzi yosendedwa. Umachokera ku mnofu wa mkati mwa katumba, nkudzera kuseri kwa kakolo, nkudzagwira fupa la kabwato. Ntchito yake ndi kukoka uta wa phazi kuti usagwe. Nthaŵi iliyonse imene munthu aponda nkunyamula phazi, mtsemphawu umakoka, ndipo pothamanga umakoka mwamphamvu koposa.

Kodi kafupa kapadera kamachokera kuti?

Mwana akamabadwa, mafupa ambiri a m'phazi lake amakhala asanakhwime. Amakhala chichereŵechereŵe, chonga chija chimapezeka kumapeto kwa mafupa a nkhuku yaing'ono. Fupa lililonse limayamba kuuma pa kadontho kamodzi pakati pake, ndipo kadonthoko kamakula pang'onopang'ono mpaka fupa lonse litalimba. Mwa mafupa 7 a kumbuyo aja, fupa la kabwato ndilo lomaliza kuyamba kuuma, mwana ali ndi zaka pafupifupi 3. Pa ana ena pamabuka kadontho kachiŵiri kumapeto kwa fupali, pomwe pamagwira mtsempha paja. Kadontho kachiŵiri kameneka kakalephera kulumikizana bwino ndi fupa lalikulu, kamasanduka kafupa kapadera. Kamayamba kuoneka pa chithunzi cha X-ray mwana akafika zaka za pakati pa 9 ndi 11.

Choncho kafupaka si chidutswa cha fupa lothyoka. Sikabwera chifukwa cha chakudya, sikapatsirana, ndipo si chizindikiro chakuti makolo adadumpha mwambo wina uliwonse. Kamayenda m'magazi a pabanja, kotero kuti nthaŵi zina poyang'ana mapazi a bambo kapena amayi a mwanayo pamapezeka kachotupa kofananako. Pa anthu theka kapena kuposerapo mwa amene ali nako, kamakhala m'mapazi onse aŵiri, ngakhale kuti loŵaŵa limatha kukhala limodzi lokha.

Akatswiri adakadziŵa kafupaka kalekale. Katswiri wa za thupi la munthu wa ku Basel, m'dziko la Switzerland, dzina lake Bauhin, adakafotokoza m'chaka cha 1605. Koma kuchuluka kwa anthu amene ali nako kudayamba kudziŵika bwino pambuyo pa 1895, chaka chimene Wilhelm Röntgen wa ku Germany adatulukira kuŵala kwa X-ray kumene kumaonetsa mafupa a munthu wamoyo. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana wapeza kafupaka mwa anthu 4 mpaka 21 pa 100 alionse, ndipo madokotala ambiri amangoti munthu mmodzi pa 10 alionse. Ochuluka mwa ameneŵa amakalamba osamvapo ululu. Amene amavutika nako ndi ochepa kwambiri, ndipo ambiri a iwo ndi achinyamata okonda maseŵera.

Mitundu itatu ya kafupaka

Mtundu woyamba ndi kafupa kakang'ono kobulungira, kofanana ndi njere ya mapira, ka mamilimita 2 kapena 3. Kamakhala mkati mwa mtsempha uja, kotalikirana ndi fupa la kabwato, ndipo sikaŵirikaŵiri kuvutitsa munthu.

Mtundu wachiŵiri ndi wokulirapo, wonga njere ya chimanga kapena nsaŵa, ndipo umatha kufika mamilimita 12. Kafupa ka mtundu umenewu kamamatirira ku fupa la kabwato ndi kachichereŵechereŵe kopyapyala, ndipo mbali ina ya mtsempha uja imagwira pa iko m'malo mogwira pa fupa lalikulu. Mtundu umenewu ndiwo umabweretsa achinyamata ambiri kuchipatala.

Mtundu wachitatu ndi pamene kafupako kadalumikizana kotheratu ndi fupa la kabwato, koma nkulisiya lili ndi nsonga yotulukira m'mbali ngati kanyanga. Vuto lake lalikulu ndi kukhulana ndi nsapato.

Chimene chimadzutsa ululu

Pali zinthu zitatu zimene zimachititsa kuti kafupa kamene kadali phee kayambe kuŵaŵa.

Choyamba ndi kukoka kwa mtsempha. Pa mtundu wachiŵiri uja, nthaŵi iliyonse imene mtsempha wakoka, kafupako kamagwedezeka pang'ono pa kachichereŵechereŵe kake, monga mmene khasu limagwedezekera pa mpini wosakhwima. Poyenda wamba kugwedezekako sikuvuta. Koma kuthamanga tsiku ndi tsiku pa bwalo louma, kudumpha nkutera mwadzidzidzi, kapena kubinya phazi kamodzi kokha, kumatha kung'amba malo olumikizirawo. Chichereŵechereŵe chimalandira magazi ochepa, choncho chimachedwa kupola, ndipo woseŵera akabwerera kubwalo msanga amang'ambanso pamene padayamba kugwirana. Atsikana a mpira wa manja amakumana nalo vutoli chifukwa lamulo la maseŵera awo silimlola munthu kuthamanga ndi mpira. Ayenera kuima nthaŵi yomweyo ndi kutembenukira pa phazi limodzi.

Chachiŵiri ndi kugunda ndi kukhula. Woseŵera mpira wa miyendo popatsira mnzake amamenya mpira ndi mbali ya mkati ya phazi, pamalo enieni pamene pali kachotupa. Nsapato zothina, zobwereka kwa mnzake wa phazi laling'ono kapena zapulasitiki zouma, zimafinya malo omwewo mpaka khungu kufiira ndi kutupa.

Chachitatu ndi phazi lathyathyathya, limene uta wake udagwa kotero kuti phazi lonse limagunda pansi. Pa phazi lotere mtsempha uja umagwira ntchito yoposa muyeso, ndipo kafupako kamakokedwa kwambiri.

Vutoli limaonekera kaŵirikaŵiri pa msinkhu wa kutha msinkhu, pamene mafupa akuuma ndipo thupi likulemera, ndipo limapezeka kwambiri mwa atsikana kusiyana ndi anyamata. Komabe wamkulu nayenso angathe kuyamba kumva ululu atabinya phazi kapena atayamba ntchito yoimirira tsiku lonse.

Zizindikiro zake

Wodwala amaloza ndi chala chimodzi pamene pakuŵaŵa: m'mbali mwa phazi cha mkati, kutsogolo kwa kakolo. Pamalopo pamakhala kachotupa kolimba ngati fupa, kosasuntha, kamene sikakula mwezi ndi mwezi. Pokadina kamapweteka. Nthaŵi zina khungu la pamwamba pake limafiira kapena kutupa pang'ono. Ululu umakula pothamanga, podumpha, poyenda mtunda wautali ndiponso povala nsapato zothina, koma umachepa munthu akapuma. Wodwala satentha thupi, amadya bwino, ndipo usiku amagona tulo.

Kafupa kena ka kuseri kwa kakolo

Pali kafupa kapadera kachiŵiri kamene oseŵera mpira wa miyendo ayenera kukadziŵa. Ako sikaoneka ndi maso chifukwa kali mkati, kuseri kwa fupa la m'kakolo limene limasenza mwendo wonse. Madokotala amakatcha os trigonum, kutanthauza kafupa ka ngodya zitatu, ndipo amene adakafotokoza koyamba ndi Rosenmüller wa ku Germany m'chaka cha 1804. Kabweredwe kake nkofanana ndi ka kanzake kaja. Pakati pa zaka 8 ndi 13 kadontho ka fupa kamabuka kuseri kwa kakolo, ndipo mwa ana ambiri kamalumikizana ndi fupa lalikulu pakatha pafupifupi chaka chimodzi. Mwa ena kamatsala pakokha.

Kafupa kameneka kamavuta pamene phazi lawongoledwa kwambiri, zala zitaloza pansi. Zikatero fupa la msongolo ndi fupa la chitendene amayandikana kumbuyo, ndipo kafupako kamapanidwa pakati pawo ngati chala pa chitseko. Umu ndi mmene phazi limakhalira pamene woseŵera akumenya mpira mwamphamvu ndi pamwamba pa phazi. Nchifukwa chake vutoli limadziŵika kwambiri pakati pa oseŵera mpira wa miyendo, ovina gule wa ballet amene amaimirira pa nsonga za zala, ndi othamanga motsika mapiri. Ululu wake umamvekera mkati, kuseri kwa kakolo, kutsogolo kwa mtsempha waukulu wa ku chitendene. Umabwera pomenya mpira, poimirira pa zala, potsika chitunda, ngakhalenso pogwada nkukhalira zitendene.

Palinso timafupa tina tapadera tosoŵa kwambiri. Kena kamapezeka m'mbali mwa phazi cha kunja, kumbuyo kwa fupa lalitali la chala chaching'ono, mwa anthu osakwana mmodzi pa 100 alionse, ndipo kadatchedwa dzina la Andreas Vesalius, amene adalemba buku lalikulu la za thupi la munthu m'chaka cha 1543. Chisamaliro cha timafupa tonseti chimayendera mfundo zofanana.

Zimene zimachitika kuchipatala

A chipatala amayamba ndi mafunso: ululu udayamba liti, padali kubinya kapena ayi, wodwala amaseŵera maseŵera anji ndipo kangati pa sabata. Kenaka amayang'ana mapazi onse aŵiri wodwala ali chiimire, amadina pamalo oŵaŵa, amamuuza kuti aimirire pa zala ndi phazi limodzi, ndiponso kuti akankhe dzanja lawo ndi phazi molozetsa mkati. Pofuna kuyesa kafupa ka kuseri kwa kakolo, amawongola phazi mwamsanga zala zitaloza pansi, nkuona ngati ululu uja wabwera. Ndi bwino kupita ndi nsapato zimene wodwala amavala kaŵirikaŵiri, chifukwa kathedwe kake kamaonetsa mmene amapondera.

Ngati nkofunika, wodwala amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha m'boma kukajambulidwa X-ray. Pa chithunzi, kafupa kapadera kamakhala ndi m'mphepete mosalala ndi mobulungira, pamene fupa longothyoka kumene limakhala ndi m'mphepete mwa manomano. Nthaŵi zina amajambula ndi phazi linalo kuti afananize. Koma kupezeka kwa kafupako pa chithunzi sikutanthauza kuti ndiko kakuyambitsa ululu, popeza anthu ambiri ali nako osamva kanthu. A chipatala amatsimikiza pokhapokha malo amene wodwala akuloza agwirizana ndi malo amene kafupako kali.

Kuyambira m'chaka cha 1985 dziko la Malaŵi lakhala likuphunzitsa akatswiri othandizira madokotala pa za mafupa, ndipo ameneŵa amagwira ntchito m'zipatala za m'maboma. Vuto likawakulira amatumiza wodwala ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Ku Blantyre kulinso chipatala cha Beit CURE, chimene chidatsegulidwa m'chaka cha 2002 ndipo chimathandiza ana a mavuto a mafupa.

Chithandizo chake

Ambiri amachira popanda opareshoni. Cholinga cha chithandizo si kuchotsa kafupako, koma kupatsa mpata malo ong'ambika aja kuti apole.

1. Kupuma. Woseŵera aleke mpira, kuthamanga ndi kudumpha kwa masabata angapo, kufikira atayamba kuyenda ndi kudina pamalopo osamva ululu. Ili ndilo gawo lovuta kwa wachinyamata, makamaka pamene timu yake ikumdalira, koma akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

2. Kuziziritsa. Pa masiku oyamba aike pamalopo nsalu yoviika m'madzi ozizira a mumtsuko kwa mphindi 15 mpaka 20, kangapo pa tsiku. Kumene kuli madzi oundana, awakulunge m'nsalu, osawagunditsa pakhungu. Pokhala pansi akweze phazilo pa mpando.

3. Mankhwala ochepetsa ululu. Panado kapena bulufeni amathandiza akamwedwa monga mwa malangizo a chipatala ndiponso kwa masiku ochepa. Bulufeni sayenera munthu wa zilonda za m'mimba, wa matenda a impso kapena mayi woyembekezera. Ana asapatsidwe asipirini popanda chilolezo cha dokotala.

4. Kukonza nsapato. Nsapato zikhale zotakasuka ndi zofeŵa m'mbali. Kansalu kofeŵa kapena siponji kangathe kudulidwa ngati kankhata koboola pakati, nkuikidwa mozungulira kachotupa kuti nsapato isagunde pamwamba pake. Kwa wa phazi lathyathyathya, a chipatala amaika m'nsapato chochirikiza uta wa phazi kuti mtsempha upumeko.

5. Chikhakha. Ululu ukakanika, phazi limaikidwa m'chikhakha chofika kunsi kwa bondo kwa masabata 4 mpaka 6. Izi sizitanthauza kuti fupa lidathyoka. Chikhakhacho chimangoletsa kugwedezeka kuja. Chisanyowe, ndipo zala zikatupa, zikachita dzanzi kapena zikasintha mtundu, wodwala abwerere kuchipatala tsiku lomwelo.

6. Kulimbitsa phazi. Ululu ukachepa, wodwala ayambe kukoka nsalu yoyala pansi ndi zala za kuphazi, kuimirira ndi phazi limodzi, kukweza zitendene pang'onopang'ono atagwira khoma, ndi kuwongola katumba atatsamira khomalo. Kubwerera kubwalo kukhale kwa pang'onopang'ono: kuyenda msanga, kenaka kuthamanga pang'ono, kenaka liŵiro, ndipo mpira pomalizira. Ululu ukabwerera pa gawo lina, abwerere ku gawo la m'mbuyo.

Pa kafupa ka kuseri kwa kakolo, nthaŵi zina dokotala amabaya jekeseni yochepetsa kutupa pamalo penipenipo. Ntchito imeneyi ndi ya dokotala yekha, chifukwa pafupi pomwepo pamadutsa mitsempha ya magazi ndi ya ubongo yopita kuphazi.

Mwa achinyamata ambiri ululu umachepa kapena kutheratu mafupa akamaliza kukhwima, ngakhale kachotupa kamakhalapobe moyo wonse.

Opareshoni

Ngati papita miyezi ingapo, kaŵirikaŵiri 6, chithandizo chonsechi chikutsatidwa bwino koma munthu akulepherabe kuyenda kapena kuseŵera, madokotala amaganizira za opareshoni. Njira yodziŵika kwambiri idafotokozedwa m'chaka cha 1929 ndi dokotala wa ku America dzina lake Frederick Kidner, ndipo madokotala a masiku ano amaitsata ataisintha pang'ono. Amachotsa kafupako, amasalaza nsonga yotsala ya fupa la kabwato, ndipo ngati nkofunika amasokereranso mtsempha uja pa fupa lalikulu. Pambuyo pake phazi limakhala m'chikhakha kwa masabata angapo, ndipo kubwerera ku maseŵera kumatenga miyezi 3 mpaka 6. Kuchotsa kafupa ka kuseri kwa kakolo kumapola msanga kuposa apa, ndipo ambiri amabwerera kubwalo pakatha miyezi 2 kapena 3. Ochuluka mwa ochitidwa opareshoni zimenezi amapeza bwino. Komabe opareshoni iliyonse ili ndi zovuta zake, monga bala kuloŵa tizilombo kapena khungu kuchita dzanzi, nchifukwa chake siikhala chithandizo choyamba, ndipo kafupa kosaŵaŵa sikachotsedwa.

Zoyenera kupeŵa

Kutema mphini pa kachotupa sikungachotse fupa. Mmalo mwake kumatsegula njira ya tizilombo pamalo pamene fupa lili pafupi kwambiri ndi khungu, ndipo phazi ndilo chiŵalo chimene chimaponda dothi tsiku lonse. Bala lotere lingathe kubweretsa kafumbata kapena mafinya m'fupa, matenda oopsa kwambiri kuposa ululu umene munthu amafuna kuchiza. Lezala logwiritsa ntchito anthu angapo lingathenso kufalitsa kachilombo ka HIV ndi matenda a chiŵindi.

Kufinya kachotupa mwamphamvu kapena kukoka phazi pofuna "kubwezera fupa m'malo" kumangowonjezera kung'ambika, chifukwa fupalo silidachoke m'malo mwake. Kuthowa ndi madzi otentha kwambiri kumawotcha khungu ndi kukulitsa kutupa pa masiku oyamba. Kumanga phazi ndi mphira kapena chingwe chothina kumatsekereza magazi.

Choipa china ndi kumwa mankhwala amphamvu ogula pamsika kuti munthu aseŵere osamva ululu. Ululu ndiwo mlonda wa thupi. Woutseka pakamwa nkuloŵa m'bwalo amawononga phazi lake osadziŵa, ndipo vuto la masabata ochepa limasanduka la miyezi yambiri.

Pamene vuto si kafupa kapadera

Si ululu uliwonse wa m'phazi umene umachokera ku kafupaka. Wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo ngati pali chimodzi mwa izi:

Phazi latupa, likutentha, mwana watentha thupi ndipo akukana kuponda. Izi zingathe kukhala mafinya m'fupa kapena molumikizira mafupa, ndipo kuchedwa kumalemaza mwana.

Atavulala akulephera kuponda ngakhale kanayi kokha, kapena phazi lapindika. Apa fupa lingathe kukhala litathyoka.

Chotupa chikukulirakulira, chikuŵaŵa usiku munthu ali chigonere, kapena wodwala akuwonda. Chifuŵa chachikulu chimatha kugwira mafupa, ndipo palinso zotupa zina zofunika kuziyeza msanga.

Pali bala lotuluka mafinya, kapena phazi lachita dzanzi kotero kuti munthu samva akapyozedwa ndi minga. Dzanzi lotere limapezeka pa matenda a shuga ndi khate.

Wothamanga mitunda yaitali amene akumva ululu pamwamba pa phazi cha pakati, wosatha kwa masabata angapo, nayenso ayenera kuonedwa, chifukwa fupa la kabwato lenilenilo limatha kuchita mng'alu chifukwa chotopa.

Kodi mwana adzaseŵeranso?

Ili ndilo funso loyamba la wodwala aliyense, ndipo kwa ambiri yankho lake ndi inde. Ngakhale vuto lalikulu kuposa kafupa kapadera silithetsa maseŵera ngati lasamalidwa. Rafael Nadal wa ku Spain, katswiri wa tenisi, adapezeka m'chaka cha 2005, ali ndi zaka 19, ndi matenda ena osoŵa amene amawononga fupa la kabwato lenilenilo. Ake sadali matenda a kafupa kapadera, ndipo adali ovuta kwambiri. Komabe mothandizidwa ndi madokotala ndiponso zochirikiza phazi zoika m'nsapato, adapitiriza kuseŵera, adapambana zikho 22 za mipikisano ikuluikulu ya padziko lonse, ndipo adapuma m'chaka cha 2024.

Kuti mwana wa kumudzi achire, pamafunika kugwirizana kwa akuluakulu omzungulira. Makolo amvere mwana akamadandaula za phazi kwa masabata opitirira aŵiri, osamuyesa waulesi wothaŵa kumunda kapena kusukulu. Pa nthaŵi yopuma amchepetsere maulendo aatali a kuchigayo ndi kosenza madzi. Aphunzitsi a maseŵera asakakamize mwana wotsimphina kuloŵa m'bwalo, ngakhale akhale womwetsa zigoli, ndipo asamchotse pa timu chifukwa chakuti wapuma. Kumayambiriro kwa nyengo ya maseŵera, zokonzekera ziyambe pang'onopang'ono, ndipo bwalo lisalazidwe, maenje akwiriridwe, zitsa zizulidwe. Alangizi a zaumoyo a m'midzi angathe kuthandiza banja kudziŵa tsiku limene a za mafupa amaona odwala ku chipatala cha m'boma, kuti ulendo usapite pachabe.

Zoyenera kukumbukira

Kachotupa kolimba m'mbali mwa phazi cha mkati kaŵirikaŵiri ndi kafupa kamene munthu adakula nako, osati matsenga kapena fupa lothyoka. Ngati sikakuŵaŵa, kasiyidwe. Ngati kakuŵaŵa, mankhwala ake oyamba ndi kupuma, nsapato zotakasuka ndi malangizo a chipatala. Lezala lisayandikire phazi. Kutentha thupi, kulephera kuponda, chotupa chokula ndi dzanzi ndi zizindikiro zosafunika kugonera. Mwana amene wapumitsa phazi lake masabata 6 chaka chino adzathamanga nalo zaka zambiri zikubwerazi, kubwalo, kumunda ndi pa ntchito.